Zomba, Mulanje, Dedza kapena kumpoto: phiri liti lingakukwanireni pa Loweruka ndi Lamlungu?

Munthu wogwira ntchito ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu akaweruka Lachisanu madzulo amakhala ndi masiku awiri okha, ndipo Lolemba m'mamawa akufunika pantchito. Ambiri amathamangira kunyanja. Koma pali ena amene mtima wawo umafuna kamphepo kozizira, fungo la paini, madzi otsika m'miyala ndi malo oti munthu n'kuona dziko lonse lili pansi pake. Kwa oterewa mapiri alipo ambiri, ndipo amasiyana kwambiri kuposa momwe zithunzi za pa Facebook zimaonetsera.

Chinthu choyamba kuwerengera ndi maola a pamsewu. Ngati ulendo wopita wokha ukudya maola oposa atatu, ndiye kuti mwapereka theka la Loweruka ndi theka la Lamlungu ku galimoto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, imene ndi yabwino kukwera mapiri, dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo kuyenda usiku pa M1 kapena M3 n'kudziika pachiswe: njinga zopanda magetsi, ng'ombe, malole ofera pamsewu amene chizindikiro chake ndi nthambi zamitengo basi. Chachiwiri ndi miyendo ya anthu amene mukupita nawo. Malo oyenera achinyamata asanu a kwaya si omwewo oyenera banja lokhala ndi agogo ndi mwana wakumsana. Mukayankha mafunso awiriwa moona mtima, malo amadzisankha okha.

Zomba

Kwa wochokera ku Blantyre, Zomba ndiye poyambira. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, ndipo ukanyamuka ku Limbe 4 koloko umafika kusanade. Wochokera ku Lilongwe ali ndi makilomita pafupifupi 290 kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, maola anayi kapena asanu, choncho kwa iye ndi ulendo wa tchuthi chotalikirapo, monga Pasaka kapena sabata imene Lolemba lake ndi holide.

Ubwino waukulu wa Zomba ndi woti galimoto imakukwezani phiri. Kuchokera m'tauni msewu wa tala umakhotakhota makilomita pafupifupi 10 mpaka kukafika pa hotelo ya Sunbird Ku Chawe, m'mphepete mwa phompho loyang'ana kumzinda. Agogo amene sangayende mtunda wautali amafika pamwamba osatuluka thukuta. Kuchokera pamenepo aliyense amasankha mulingo wake. Damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, lili pafupi ndipo njira yolizungulira ndi yosavuta. Mathithi a Mandala ndi a Williams ndi ulendo wa ola limodzi kapena awiri motsatira mtsinje. Ofuna kutopa angathe kulowera ku Emperor's View ndi Queen's View, malo awiri oyandikana amene anatchedwa mayinawa chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia yemwe anafikapo mu 1965 ndi mayi ake a Mfumukazi Elizabeth omwe anafikapo mu 1957. Kukacha bwino, pamenepa mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Kupita ndi kubwera wapansi kumadya pafupifupi tsiku lonse. Dzenje la Chingwe lili kumadzulo kwa phiri, moyang'ana chigwa cha Shire, ndipo nsonga yaitali kwambiri ndi Malumbe, yomwe imapitirira pang'ono mamita 2,080.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuganiza kuti popeza tala wafika pa Ku Chawe, ndiye kuti galimoto yaing'ono ifika paliponse. Misewu ya pamwamba ndi ya fumbi, yoonongedwa ndi malole onyamula matabwa ndi mitengo, ndipo mvula ikangogwa dothi lofiira limaterera ngati sopo. Galimoto yotsika imagunditsa pansi n'kuboola sampu. Siyani galimoto pa hotelo kapena pomwe mwagona, tengani mmodzi mwa otsogolera alendo amene amapezeka pomwepo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Chinanso ndi potsika: ikani giya yachiwiri, injini izigwira galimoto. Woyendetsa amene amaponda buleki njira yonse amafika pansi mabuleki atatentha ndi kununkha, ndipo pa ngodya yomaliza amatha kupeza kuti phazi likungolowa.

M'mbali mwa msewu wokwera anyamata amagulitsa sitiroberi, mabulosi, jamu ndi zipatso zina malinga ndi nyengo. Zitsukeni musanadye, ndipo gulani potsika Lamlungu kuti zisaphwanyike m'galimoto.

Zomba ilinso ndi china chimene malo enawa alibe: tauni yeniyeni yokhala ndi mbiri. Unali likulu la dziko mpaka 1975. Nyumba ya Masongola, yomwe inamangidwa mu 1886, nyumba yakale ya malamulo, munda wa zomera wa Botanical Gardens, nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles (KAR) a nthawi ya atsamunda ndi sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi zonse zili pafupipafupi. Nkhungu ikatseka phiri, tsiku silitayika. Malo ogona alipo a matumba onse, kuyambira maresiti a m'tauni mpaka hotelo ya pamwamba, ndipo opanda galimoto amakwera minibasi ku Limbe n'kutenga takisi kapena kabaza wa njinga yamoto pofika. Chomvetsa chisoni n'choti mbali zambiri za phiri zametedwa. Amene anafikako zaka makumi awiri zapitazo adzapeza zitsa pomwe panali nkhalango ya paini. Nkhalango yachilengedwe yatsala makamaka m'mphepete mwa mitsinje, ndipo n'komwe kuli bwino kuyendako dzuwa likakula.

Mulanje

Mulanje ndi nkhani ina. Pano galimoto imathera pansi, chotsala ndi miyendo. Kuchokera ku Blantyre pali njira ziwiri: ya ku Thyolo, yodutsa m'minda ya tiyi, yokongola koma yochedwa, ndi ya Midima, yofulumirako. Zonse zimakufikitsani pa Chitakale mkati mwa ola limodzi ndi theka, kenako mumakhotera msewu wa ku Phalombe makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya zankhalango ndi malo ogona a CCAP. Apa ndi pomwe mumalembetsa, kulipira, ndi kupatsidwa wotsogolera komanso onyamula katundu.

Maulendo a ku Mulanje alipo a mitundu itatu, ndipo anthu amavutika chifukwa chowasakaniza.

Woyamba ndi wogona pansi. Mumagona ku Likhubula kapena pa boma, Loweruka n'kuyenda pafupifupi ola limodzi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, kudya kamba wanu, kubwerera. Ana a sukulu amakwanitsa. Chenjezo ndi limodzi lokha koma lalikulu: dziwelo ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri moti minofu imatha kukokana mwadzidzidzi, ndipo anthu amirapo. Amene sadziwa kusambira akhale m'mphepete, ndipo mowa usayandikire pamadzi. M'nyengo ya mvula mtsinje umatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli sipanagwe dontho, chifukwa mvula imakhala yagwa pamwamba.

Wachiwiri ndi wogona usiku umodzi paphiri, ndipo uwu ndi umene umakwanira bwino pa Loweruka ndi Lamlungu. Paphiri pali tinyumba togona alendo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka ndi ena. Chambe ndiye yoyandikira ku Likhubula. Njira ya Skyline ndi yoimirira, yadzuwa, maola atatu kapena anayi, ndipo mumakwera mamita pafupifupi 1,000. Njira ya Chapaluka ndi yotalikirapo koma imatsata mtsinje ndipo ili ndi mithunzi. Odziwa amakwerera Skyline m'mamawa dzuwa lisanapse, n'kutsikira Chapaluka Lamlungu kuti akathere pa Dziwe la Nkhalamba. Nyamukani isanakwane 7 koloko. Amene amanyamuka ku Blantyre Loweruka 9 koloko amayamba kukwera masana dzuwa lili paliwombo, madzi amawathera pakati pa njira, ndipo amafika kutada. N'chifukwa chake kugona ku Likhubula Lachisanu usiku kumaposa kusunga ndalama ya chipinda.

M'tinyumbati mumapeza mlonda, nkhuni, pophikira ndi madzi a mumtsinje. Chakudya, zofunda, makandulo, machesi ndi tochi n'zanu. Munthu mmodzi pa usiku umodzi akufunika malita awiri a madzi poyambira (mitsinje ya pamwamba imadzazitsanso mabotolo), mpunga kapena ufa wa chakudya chamadzulo, ndiwo zosachedwa kupsa monga soya, usipa kapena mazira owiritsa, buledi, mtedza, nthochi, shuga ndi masamba a tiyi. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Pamwamba madzi amawira asanatenthe mokwanira ndipo zimadya nkhuni usiku wonse. Muwerengerenso chakudya cha wotsogolera ndi onyamula katundu, kapena mugwirizane pansi pomwe kuti adzidyetsa okha. Chikwama cha wonyamula katundu chisapitirire makilogalamu 18. Ngati katundu wachuluka, tengani anthu awiri. Ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, ntchito yawo ndi yolemetsa, ndipo kuwanenerera mtengo mpaka kuwafinya si chinthu chonyadira.

Wachitatu ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, yaitali kuposa zonse m'Malawi. Apa tinene mosabisa: Sapitwa sakwanira pa masiku awiri. Tsiku loyamba limathera kukafika ku Chisepo, maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Lachiwiri ndi lokwera nsonga ndi kubwerera ku Chisepo, maola ena asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, mokwawa pa matanthwe, kulowa pansi pa miyala ikuluikulu ndi kudzikoka ndi manja. Lachitatu ndi lotsika. Alipo amphamvu amene amaphatikiza tsiku lachiwiri ndi lachitatu, koma ngozi zambiri zimachitika potsika munthu atatopa ndipo kukuda. Pemphani Lachisanu kapena Lolemba kuntchito. Ndipo osapita opanda wotsogolera. Mu 2009 mlendo wina wochokera ku Brazil anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo anapezeka atamwalira patapita masabata. Chimene chimasocheretsa anthu ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza yochokera chakum'mwera chakum'mawa, imene imabwera m'miyezi yachisanu ndipo imatha kukhala masiku angapo. Ikatsika simuona mnzanu ali mamita khumi patsogolo, thanthwe limaterera, ndipo zovala zikanyowa thupi limazizira msanga kuposa momwe munthu angaganizire. Wotsogolera akanena kuti lero sitikwera, mumvereni.

Phirili lili ndi ulemu wake. Anthu ozungulira amalitenga ngati mokhala mizimu ya makolo, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Wotsogolera akakuuzani za malo osayenera kuchitapo phokoso, tsatirani. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera paphiri pano pokha, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala mbande zatsopano. Mukagula kabokosi konunkhira ka mkungudza pamsewu, mukulipira amene akudula. Gulani chinanazi ndi tiyi. Dziwaninso kuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phiri ndi kusintha njira ndi mitsinje, choncho munthu amene anakwera kalekale asadalire chikumbumtima chake.

Amene akufuna kuona Mulanje koma mawondo akukana, Thyolo ndi yankho. Minda ya tiyi ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalandira alendo, ndipo munthu amayenda pakati pa mizere ya tiyi phiri likuoneka kutsogolo. Ndi ulendo wosakwana ola kuchokera ku Limbe, koma malo ake ogona ndi okwera mtengo.

Dedza

Wa ku Lilongwe asavutike ndi kulakalaka Zomba pomwe Dedza ili pakhomo. Makilomita ndi pafupifupi 85 pa M1, ola limodzi ndi theka. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamwamba kuposa matauni ena onse m'dziko muno, ndipo m'Juni ndi Julayi chisanu chake chimalowa m'mafupa. Nyamulani juzi, jekete, chipewa ndi masokosi okhuthala, ndipo pofunsa chipinda funsani ngati madzi otentha alipo ndiponso ngati amadalira magetsi a ESCOM okha.

Phiri la Dedza limafika mamita pafupifupi 2,200 ndipo limayambira kuseri kwa tauni. Pali msewu wa fumbi wopita ku nsanja za mafoni, womwe munthu wamba amauyenda maola awiri kapena atatu. Ndi phiri labwino kuphunzirirapo musanayese Mulanje: mtunda ulipo wokwanira kuyesa nsapato ndi mpweya wanu, koma kusochera n'kovuta ndipo mumabwerera kukagona pabedi. Pamwamba mumaona dziko la Mozambique mbali ina, ndipo kukayera bwino nyanja imaoneka mbali inayo. Ku Dedza Pottery, komwe akhala akuumba ndi kuotcha mbale ndi makapu kuyambira mu 1987, kuli malo odyera ndi ogona, ndipo ana amasangalala kuona dongo likusanduka chikho.

Koma chimene chimaikweza Dedza pamwamba pa malo ena ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Malo okwana 127 ali m'mapiri ozungulira, ndipo UNESCO inawalemba mu 2006. Zojambula zofiira, za mizere ndi mikombero, ndi za Akafula amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera, zooneka ngati nyama zotambasula miyendo, ndi za Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Malo amene alendo amafikako kawirikawiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndi chofikirika msanga kuchokera m'tauni, mbali ya ku koleji ya zankhalango. Mphunzi ili kutali pang'ono, kutsidya kwa M1, koma zojambula zake ndi zochuluka. Zikwangwani n'zochepa, choncho pezani wokulondolerani. Osazigwira, osazithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, osalembapo dzina. Mapanga ena aonongeka kale ndi makala ndi choko cha anthu ofuna kusiya mayina awo, ndipo chimene chafufutika pamenepo sichibwereranso. N'zopweteka kuti Achewa ambiri amadutsa pa M1 chaka ndi chaka osadziwa kuti mbiri ya makolo awo yalembedwa pathanthwe makilomita ochepa kuchokera pamsewu.

Lamlungu lake lili ndi njira ziwiri. Mutha kubwerera molunjika n'kugula kachewere, kabichi ndi tomato pamsewu. Kapena mutha kupitirira chakum'mwera pang'ono, kukhotera pa Masasa n'kutsika msewu wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti, umodzi mwa misewu yokongola kwambiri m'dziko muno, kukafika ku Mua. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher Chisale. Nyumba yake yosungira zakale ya Chamare ili ndi zigoba za gule wamkulu zambirimbiri. Kuchokera ku Mua mumabwerera ku Lilongwe kudzera ku Salima. Njirayi ndi yaitali, choncho nyamukani ku Dedza 8 koloko isanakwane, ndipo lamulo la giya yachiwiri ligwirenso ntchito pa Khwekhwelere.

Okwera basi adziwe kuti tauni ya Dedza ili pambali pa M1. Mabasi akuluakulu a Lilongwe-Blantyre amakutsitsani pamsewu waukulu, n'kutsala kabaza. Minibasi zochokera ku depoti ya Lilongwe ndizo zimalowa m'tauni.

Ntchisi

Ntchisi ndi ya munthu amene watopa ndi phokoso. Mumatsata M1 chakumpoto mpaka Mponela, kukhotera ku boma la Ntchisi, kenako msewu wa fumbi wokwera kunkhalango. Zonse pamodzi ndi maola awiri kapena atatu kuchokera ku Lilongwe. Nkhalango yake ndi imodzi mwa zochepa zachilengedwe zotsala m'chigawo chapakati, ya mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere ndi zilambe, momwe muli nchima ndi mbalame zambiri. Kale anthu ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Ntchisi Forest Lodge ili m'nyumba yomangidwa mu 1914 ya bwanamkubwa wachitsamunda, ndipo pakhonde pake mumaona nyanja chapatali.

Kuipa kwake ndi komweko kumene kuli ubwino wake. Kulibe tauni pafupi, kulibe malo ena odyera oti musankhe, ndipo mukafika osasungitsa malo mulibe kolowera. Opanda galimoto amavutika ndi gawo lomaliza. M'dzinja msewu wa fumbiwo umafuna galimoto yokwera. Poyerekeza ndi Dedza, Ntchisi imapambana pa nkhalango ndi bata. Dedza imapambana pa mtengo, mayendedwe ndi zochita za ana.

Livingstonia ndi Nyika

Malo awiriwa amatchulidwa limodzi chifukwa pamapu ali moyandikana, koma pa nkhani ya masiku awiri ndi osiyana kotheratu.

Livingstonia imatheka kwa wokhala ku Mzuzu, Rumphi kapena Karonga. Mishoniyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anaikweza pa Khondowe, pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja. Stone House, nyumba imene Laws ankakhalamo, tsopano imasunga zakale. Pabwalo lake pali mawu a miyala a Aefeso 2:14, amene amishoni anayala mu 1959 poyankha ndege ya boma yomwe inafunsa ngati akufuna kusamutsidwa pa nthawi ya chipwirikiti; yankho lawo linali loti akhala pamodzi ndi anzawo akuda. Tchalitchi, nsanja ya wotchi ndi University of Livingstonia zili pamtunda woyenda wapansi. Mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, ali makilomita ochepa musanafike pa mishoni, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga. Phiri la Chombe ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo pamwamba pake nyanja imaoneka ngati ili pansi pa mapazi.

Njira zokwerera zilipo ziwiri. Ya Golodi imayambira pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja: makilomita pafupifupi 15, ngodya zokhota kwambiri 20, miyala yosakhazikika, phompho pambali. Imafuna galimoto yokoka mawilo onse anayi ndi woyendetsa wodekha, ndipo mvula ikagwa ndi bwino kuisiya. Wapansi imatenga maola atatu kapena anayi, ndipo muyambe mbandakucha chifukwa kunsi kwake n'kotentha. Njira ina imachokera mbali ya Rumphi pa Njakwa, ndipo ndi imene galimoto wamba iyenera kutsata. Mapu a pafoni nthawi zina amalozera ku Golodi chifukwa choti ndi yaifupi, musawatsatire mwachimbulimbuli.

Nyika ndi malo okongola kuposa onse amene tatchulawa, ndipo ndi amene sitingalangize munthu wa masiku awiri, ngakhale wa ku Mzuzu. Ndi paki yoyamba m'dziko muno, yokhazikitsidwa mu 1965, yokula masikweya kilomita oposa 3,000, ya zitunda za udzu zopanda malire momwe mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera. Nsonga yake ya Nganda imapitirira mamita 2,600. M'Januwale ndi Febuluwale maluwa amtchire a mitundu yoposa 200 ya orchid amaphuka. Koma kuchokera ku Rumphi kukafika pa chipata cha Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchokera pachipata kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60, ambiri mwa iwo a fumbi ndi mabampu. Tsiku limatha popita, lina pobwera. Musadalire kupeza mafuta mukapitirira Rumphi, choncho thanki idzaze ndipo chigubu china chikhale kumbuyo pamodzi ndi tayala lapadera lamphepo. M'Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku. Nyika ipatseni masiku anayi. Wa ku Mzuzu kapena Kasungu amene akufuna nkhalango ndi kuzizira pa masiku awiri angalowere ku Luwawa, m'mapiri a Viphya, komwe kuli damu ndi malo ogona pafupi ndi M1.

Mwezi wopitira ndi zonyamula

Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nyengo yoyendera mapiri: kumwamba n'koyera, mitsinje ikadali ndi madzi, njira zauma. Mtengo wake ndi chisanu ndi chiperoni, makamaka ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba. Seputembala mpaka Novembala kumatentha, ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba dziko moti mutha kukwera mpaka Emperor's View osaona ngakhale Chilwa. Disembala mpaka Epulo dziko ndi lobiriwira ndipo mathithi ndi odzaza, koma mphezi, matope ndi mitsinje yosefukira zimachititsa Mulanje, Golodi ndi msewu wa ku Ntchisi kukhala zoopsa. M'miyezi imeneyi Zomba ndi Dedza ndizo zodalirika chifukwa tala amafika pafupi. Kumbukirani kuti pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Munthu amachoka ku Likhubula ali m'malaya amodzi, usiku ku Chambe n'kumanjenjemera.

Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, zokhala ndi mano kunsi. Zatsopano zimatulutsa matuza pa ola loyamba, ndipo masilipasi amaduka. Jinzi ikanyowa imalemera ndipo siuma, choncho valani buluku lopepuka. Zovala zosinthira zikulungidwe m'jumbo mkati mwa chikwama. Foni imatha moto msanga pozizira komanso pofunafuna netiweki, ndiye tochi ikhale yapayokha. Udzudzu umachepa pamwamba koma ku Likhubula, Chitimba ndi Mua ulipo, neti ikufunikabe.

Ndalama zikhale m'manja, zamapepala ang'onoang'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira m'matauni, koma pachipata cha nkhalango kapena pakanyumba ka paphiri netiweki imatha kusowa, ndipo wotsogolera sangakhale ndi chenje. Mitengo yolowera ndi yogonera imasintha pafupipafupi ndipo malo ambiri amalipiritsa Mmalawi mosiyana ndi mlendo wakunja, choncho imbani Lachinayi kufunsa mtengo wa lero, ndipo nyamulani chitupa cha unzika. Mafuta akamavuta, musanyamuke ndi chiyembekezo chokathira kutsogolo; werengani makilomita opita ndi obwera, muonjezere gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa kukwera phiri kumamwa mafuta, ndipo akhale ali m'thanki musanatuluke m'tauni. Oyenda pa minibasi ayambe ulendo wobwerera isanakwane 2 koloko masana Lamlungu, chifukwa ikapitirira nthawi imeneyi galimoto zimachepa ndipo zotsalazo zimachedwa kudzaza.